Philips Hue White Ambiance: babu lomwe limasintha mtundu wa kuwala m'chipinda

Anthu ambiri akamakongoletsa nyumba amataya masiku posankha penti, makatani ndi sofa, koma babu amangotola lomwe lili pafupi. Usiku ukafika amadabwa kuona khoma la kirimu latuwa ngati phulusa, mpando wa chikopa wofiirira ukuoneka wakufa. Nthawi zambiri penti imakhala yabwinobwino, chalakwika ndi kuwala. Pa bokosi la babu la LED pamalembedwa nambala yothera ndi K (kelvin), yomwe imasonyeza mtundu wa kuwala kwake. Babu la 2700K limawala mopita ku chikasu ngati mababu akale a kawaya mkati, pomwe la 6500K limawala mbee, mopendekera ku buluu.

Ubwino waukulu wa Hue White Ambiance ndi woti simukakamizika kusankha chimodzi. Babu limodzi limasintha kuchokera pa 2200K kufika pa 6500K kudzera pa foni. Mababu a Philips Hue anayamba kugulitsidwa mu 2012 ndipo amapangidwa ndi kampani ya Signify. Alipo a E27 opotokola, a B22 okhala ndi timapini tiwiri, komanso a GU10 ndi E14, choncho musanagule yang'anani kaye soketi ya nyale yanu. Kudzera pa Bluetooth mutha kuyendetsa mababu okwana 10 muli m'chipindamo. Mukafuna ambiri, kapena kuwayatsa muli kutali, pamafunika kabokosi ka Hue Bridge komwe kamalumikizidwa ndi chingwe ku rauta ya intaneti ndipo kamanyamula mababu pafupifupi 50.

Pabalaza ndi pomwe babuli limaonetsa mphamvu zake. Madzulo, pa 2700K, matabwa, zikopa ndi nsalu zofiira kapena zachikasu zimadzuka, nkhope za anthu zimaoneka zofewa. Wina akafuna kuwerenga kapena kusoka, kukweza pa 4000K kumathandiza kuti zilembo ndi ulusi zioneke bwino osasandutsa chipinda kukhala ngati chipatala. Kuchipinda chogona 2200K ndi yokwanira, kuwala kwake kumafanana ndi kandulo. Makoma a buluu ndi otuwa amavuta pang'ono: mukatsitsa kwambiri K amazimiririka, nthawi zina kupita ku gilini. Ndiye musanapente chipinda chonse, pentani kaye kachigawo ka masentimita 50 mbali zonse, mukaone masana, kenako usiku pa 2700K ndi pa 4000K. Pamenepa babuli limakhala ngati chida choyezera penti, ndipo ntchito imeneyi yokha imapulumutsa ndowa zambiri za penti yolakwika.

Zofooka zilipo ndithu. Choyamba ndi swichi ya pakhoma. Wina akangoizimitsa, babu limafa, foni singalipezenso mpaka swichiyo iyatsidwe. M'nyumba ya anthu ambiri izi zimachitika tsiku lililonse, ndipo mankhwala ake ndi kugula Hue Dimmer Switch, swichi yopanda mawaya yoyendera batire, nkuimata pafupi ndi swichi yakale. Chachiwiri, babuli siligwirizana ndi swichi zakale zochepetsa kuwala. Likaikidwa pamenepo limaphethiraphethira kapena kulira. Komanso malumeni (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) olembedwa pa bokosi, monga 800, amayezedwa pa 4000K. Mukatsitsa pa 2700K kuwala kumachepa mooneka, choncho chipinda chachikulu chimafuna babu la malumeni 1100. Pa nkhani yoonetsa mitundu yeniyeni, CRI yake (nambala yosonyeza mmene babu limaonetsera bwino mitundu ya zinthu) ndi ya m'ma 80, yomwe ndi yabwino pabalaza, koma pounikira chithunzi chojambula pamanja kapena pagalasi lodzikongoletsera, babu wamba la CRI 90 kupita m'mwamba limaposa.

Chomwe chimakhumudwitsa ogula ambiri ndi kuika babu limodzi lokha pakati pa siling'i nkuyembekezera kuti chipinda chisinthe. Kuwala kochokera pamwamba pokha kumadetsa pansi pa maso ndipo ngodya zonse zimakhala mumdima, kaya babu ndi lanzeru bwanji. Pabalaza pafunika nyale zosachepera zitatu pa misinkhu yosiyana: ya ku siling'i, ya patebulo pambali pa sofa, ndi yoimirira pakona. Nyale ya patebulo ikhale poti m'mphepete mwa m'munsi mwa chotchingira chake mufanane ndi maso a munthu wokhala pansi, kuti babu lisamuthobwe. Chotchingira cha nsalu yoyera kapena ya kirimu chimalola kusintha kwa K kuoneka; chakuda kapena chofiira chimameza kusinthako.

Ku bafa, kukhonde ndi kosungira katundu, babu wamba la 3000K likwanira, chifukwa kumeneko palibe amene amasintha kuwala. Yambani ndi nyale ziwiri za pabalaza, muziike m'gulu limodzi pa foni kuti zizisintha pamodzi, chifukwa nyale imodzi ya 2700K moyandikana ndi ina ya 6500K imapangitsa khoma limodzi kuoneka ngati linapentedwa ndi mitundu iwiri.