Chingwe cha USB ndi RS-232 chokhala ndi chipu cha FT232R: ndemanga yanga

Amisiri ena a zamagetsi kuno ku Zomba tidakali ndi makina oyezera akale koma olimba, monga multimeter (choyezera mavolti ndi zina za magetsi) ya HP 34401A, omwe amatumiza zotsatira ku kompyuta kudzera pa RS-232, njira yomwe idakhazikitsidwa mu 1960. Malaputopu a masiku ano alibenso polowetsa pa RS-232 pa timapini 9, potchedwa DB9, choncho pamafunika chingwe chomwe kumutu kuli USB, kunsonga kuli DB9. Chomwe ndimagwiritsa ntchito poyeza mabatire a sola ku Matawale chili ndi chipu (kachipangizo kamagetsi ka mkati mwake) cha FT232R cha kampani ya FTDI ya ku Glasgow, ndipo ndakhutira nacho.

Chandikoka mtima ndi kukhazikika kwake. Chipuchi chili ndi nambala yakeyake, motero Windows ikachipatsa dzina, tinene COM4, dzinalo silisintha ngakhale mutachisamutsira pa bowo lina la USB. Kwa munthu amene wakonza pulogalamu yoti izilemba mavolti a batire usiku wonse, imeneyi si nkhani yaing'ono, chifukwa safunikanso kumasaka dzina latsopano tsiku lililonse. Zingwe zotchipa zopanda dzina zomwe ndidayesapo zinkangoleka kutumiza ntchito ili mkati.

Komabe wogula adziwe kuti chingwechi pachokha sichikwanira pa makina ngati 34401A. Pakati pamafunika china chotchedwa null modem, chomwe chimapingasa pini 2 ndi pini 3, komanso pini 4 ndi pini 6, pomwe pini 5 imadutsa molunjika. Anzathu ambiri amataya chingwe chabwinobwino poganiza kuti n'chakufa, chonsecho chosowa ndi chimenechi. Kenako liwiro lotumizira uthenga, mwachitsanzo ma bit 9600 pa sekondi, ndi parity (njira yoonera zolakwika mu uthengawo) zifanane pa kompyuta ndi pa makina oyezera, ma stop bit (zizindikiro za pothera chilembo chilichonse) akhale 2, ndipo mukatumiza malamulo a SYST:REM kenako *IDN? pa pulogalamu ya pakompyuta ya Tera Term, makinawo amayankha potchula dzina lawo.

Chofooka cha chingwe cha USB chija n'chakuti sichilekanitsa magetsi a kompyuta ndi a makina oyezera. Dera lathu la m'munsi mwa phiri la Zomba limakhala ndi mphezi zambiri m'nyengo ya dzinja, n'chifukwa chake ine ndimachizula mitambo ikangoyamba kugunda. Muyeneranso kupewa kulumikiza waya wopitirira mamita 15 kumbali ya RS-232. Amene akuchifuna afunse wogulitsa za chipu chomwe chili mkati, ndipo agulire limodzi ndi null modem.