Purosesa ya 5.0 GHz ija: imalimba ikasenza katundu, imagwa ikangokhala

Mnzanga wina wandifunsa ngati n'kwanzeru kuwonjezera ndalama n'kugula purosesa ndi motherboard zomwe wogulitsa wazichita kale overclock (kukweza liwiro la purosesa kupyola lomwe inachokera nalo ku fakitale), monga ndinachitira ine chaka chatha. Ndati ndimuyankhire pano, chifukwa zomwe ndinalemba nditangogula zinali za munthu amene akadali kununkhiza bokosi, ndipo pachitika zambiri chigulireni.

Kwa amene simunawerenge zoyambazo, purosesa yake ndi ya ma core 8, ya mtundu uja wololeza kusintha multiplier, nambala yomwe imachulukitsa liwiro loyambira (BCLK) kuti papezeke liwiro la purosesa. Mmene inachokera ku fakitale, ma core onse akamagwira ntchito limodzi amafika 4.7 GHz. Wogulitsa anakweza multiplier kufika pa 50, BCLK n'kuisiya pa 100 MHz, ndiye kuti 5.0 GHz. M'bokosi anaikamo kapepala konena kuti makinawa anapirira Prime95, pulogalamu yoyesa kulimba kwa purosesa poilemetsa ntchito, usiku wonse osagwa. Ndalama yapamwamba ija ndinalipirira kapepala kameneka.

Zoyenda bwino sindichedwa nazo. RAM ikugwirabe pa XMP (makonzedwe ake a liwiro lapamwamba) ndipo MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, sinaipezepo vuto. Ma VRM a motherboard, tizida topereka magetsi ku purosesa, satentha mopitirira muyeso. Cooler ikugwira ntchito yake, ngakhale mafani ankalira kwambiri ndikamatulutsa vidiyo. BIOS, momwe mumasinthira makonzedwe a motherboard, imasunga ma profile a makonzedwewo bwinobwino, ndipo zimenezi zinadzandithandiza kutsogoloku.

Vuto linali ili. Kompyuta inkazima n'kuyakanso yokha, koma osati pa nthawi yomwe munthu angayembekezere. Ndiisiye ikutulutsa vidiyo kwa maola, ma core onse ali pa 100 peresenti, kutentha kukusewera m'madigiri 90, inkapirira osatekeseka. Ndimalize ntchitoyo, ndichokepo pang'ono, pobwera ndinkaipeza ikundifunsa password ngati yangoyatsidwa kumene. Nthawi zina inkauma ndikangogwedeza mausi itakhala kanthawi osaigwira, kapena potsegula kafayilo kopepuka ka PDF. Zinali ngati galimoto lothamanga bwino pa msewu waukulu koma lozima pa maroboti. Poyamba zinkachitika mwa apo ndi apo moti ndinkangoti ndi Windows. Patapita miyezi zinayamba kuwirikiza, mpaka tsiku lina zinandidyera ntchito yomwe ndinali ndisanaisunge.

Mu Event Viewer, momwe Windows imalembera zochitika pa makina, munali Kernel-Power 41, koma ameneyu sathandiza kwenikweni, amangokuuza kuti makina anazima mosayenera, zomwe ukuzidziwa kale. Chinandiimitsa mutu ndi mizere yachikasu ya WHEA-Logger, Event 19, yomwe imatanthauza kuti hardware inalakwitsa kenako n'kudzikonza yokha. Nditatsika nayo m'munsi mwa log, ndinapeza kuti inayamba masiku oyambirira enieni, nthawi yomwe ndinkauza aliyense kuti makinawa ndi olimba ngati mwala. Sikirini ya buluu inkabwera kamodzikamodzi, ndipo ikabwera inkalemba WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, ija ya nambala 0x124. Anthu ozolowera overclock akaiona imeneyi amayamba akayikira voltage yoperewera.

Mantha anga oyamba anali akuti purosesa yaguga. Voltage yokwera pamodzi ndi kutentha zimadya tinjira tachitsulo ta mkati mwa chip pang'onopang'ono, ndipo chip yotere imayamba kufuna voltage yochulukirapo kuti igwire pa liwiro lomwe inkagwira kale. Si nthano ayi. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira voltage yokwera kwambiri n'kuyamba kugwa, inatulutsa microcode (malangizo a mkati mwa purosesa) okonza vutoli, 0x129 mu Ogasiti ndi 0x12B mu Seputembala, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa warranty. Yanga si ya m'gulu limenelo, koma sabata imeneyo ndinali wokonzeka kuigulitsa motchipa kwa aliyense amene angaifune. Chinandiletsa n'chakuti ndinkayembekezera chip yoguga kugwanso ikalemedwa, pomwe yanga inkagwa ikapepukidwa pokha.

Ndiye ndinalowa mu BIOS n'kuwerenga mzere uliwonse womwe wogulitsa anasintha. Ndinapeza zinthu ziwiri: Load-Line Calibration (LLC) ili pa mlingo wapamwamba penipeni, ndipo voltage ili pa offset mode, pa -0.090 V.

Apa m'pofunika kudekha. Purosesa ikayamba kukoka magetsi ambiri, voltage imatsika pang'ono. Kutsika kumeneku ndi Vdroop, ndipo anakuikamo dala, kuti ntchito ikaduka mwadzidzidzi voltage isalumphe kupyola malire. LLC imachepetsa kutsikako, ndipo ukaikweza mpaka kumapeto voltage ya pa ntchito yolemera imakhala njii, pa ma motherboard ena imachita kukwera kumene. Wogulitsa atapeza mpata umenewu anachotsako voltage pogwiritsa ntchito offset, kuti nambala za pa kapepala paja zioneke zokongola. Koma offset sisankha. Imachotsa 0.090 V yomweyo pa 5.0 GHz, imachotsanso pa 800 MHz pomwe purosesa ikupuma, ikungopempha voltage ya cha m'ma 0.7. Kumtundako LLC imabweza zomwe zachotsedwa. Kumunsiku, komwe magetsi okokedwa ndi ochepa, LLC ilibe choti ichite. Ugwedeze mausi, ma core adzuke m'tulo n'kulumphira pa 5.0 GHz m'kuphethira kwa diso, voltage n'kuperewera kwa kamphindi kosaoneka ndi maso, basi makina agwa.

Prime95 sangaligwire vuto lotere ngakhale mutamusiya sabata yathunthu. Iye amaunjika katundu wolemera mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pamenepo m'pomwe makonzedwe a wogulitsa anali olimba. Kapepala kaja sikananame. Kanangoyesa mbali imodzi.

Pokonza ndinasunga kaye profile ya wogulitsa ngati umboni, n'kujambula sikirini iliyonse ndi foni. Kenako ndinachoka pa offset n'kupita pa adaptive mode, yomwe imakulola kuika voltage ya liwiro lapamwamba lokha, kumunsiko n'kusiya purosesa izidzipemphera yokha monga anaipangira. LLC ndinaitsitsa kufika pakati. Pa 5.0 GHz chip yangayi inafuna 1.35 V kuti WHEA ikhale chete, ndipo ntchito za AVX, masamu olemera omwe amatenthetsa purosesa kwambiri, zinkaikankhira kufupi ndi madigiri 100, pomwe imayamba kudzichepetsa liwiro yokha podziteteza. Pa 4.9 GHz inakhazikika pa 1.28 V. Masamu ake ndi osavuta: magetsi omwe purosesa imadya amakwera molingana ndi liwiro kuchulukitsa ndi voltage, n'kuchulukitsanso ndi voltage yomweyo. Kuchoka pa 1.28 kufika pa 1.35 ndi kuwonjezera pafupifupi 11 peresenti, liwiro n'kuwonjezeranso 2, ndiye kuti kutentha kochuluka ndi 13 peresenti pofuna phindu la 2 peresenti. Ndinakhala pa 4.9.

Kayesedwe kanga kanasinthanso. Ndimayatsa pulogalamu yoyesera ya OCCT pa variable load kuti katundu azikwera n'kutsika, ndimatsegula HWiNFO, pulogalamu yoonetsa momwe zida zikuyendera, n'kumayang'ana mzere wowerenga zolakwika za WHEA, kenako ndimaisiya kompyuta ili phee usiku wonse, osachita chilichonse, ma C-state, omwe amalola ma core kugona, ali oyatsa. Mayeso omalizawa amaoneka achibwana, koma pa makina angawa ndi omwe ananena zoona. Chikonzereni, log yakhala yoyera.

Chondidabwitsa, mosangalatsa ndithu, n'chakuti pa mayeso a liwiro a Cinebench R23 a mphindi 30 nambala yake sinatsike moti n'kudandaula, mafani anasiya kulira ngati kale, ndipo kutentha kunatsika ndi madigiri pafupifupi khumi. Masiku amenewo ndinabwereranso pouza anthu kuti overclock ndi yokoma. Kukoma kulipo, makamaka ukaimvetsa BIOS yako. Koma ndikatenga cholembera mtima umazizira. Kuchoka pa 4.7 kufika pa 4.9 ndi phindu la 4 peresenti. Vidiyo yotenga mphindi 10 imatha masekondi osakwana 30 msanga. M'magemu ambiri GPU (khadi la zithunzi) ndiyo imayamba kutopa, moti popanda kauntala ya ma FPS (zithunzi pa sekondi) pakona sungadziwe kuti pali chomwe chasintha. Pa phindu limeneli ndinalipira ndalama ya overclock, cooler yaikulu kuposa yomwe ndikadafuna, ndi magetsi owonjezera mwezi ndi mwezi. Ndiye iwe mnzanga, gula zida zomwezo payekhapayekha, ndalama ya kapepalayo uiike pa GPU kapena pa RAM. Ukaumirira zogula zokonzeratu, uwauze akulembere pa risiti mlingo wa LLC, mtundu wa voltage mode, ndi amene adzayankhe makinawo akadzayamba kugwa.

Mfundo yomalizayi ndi yomwe inandipsetsa mtima kuposa kuzima konse kuja. Nditapita nazo kwa wogulitsa, zithunzi za BIOS ndi za Event Viewer zili m'manja, yankho loyamba linali lakuti, "Bwana, zinthu za overclock sizikhala ndi warranty." N'zoona kuti Intel ndi AMD onse amalemba poyera kuti kuyendetsa purosesa kupyola malire ake kungathetse warranty, ndipo Intel inali ndi dongosolo lolipira padera loteteza ochita overclock, Performance Tuning Protection Plan, lomwe inalithetsa mu Malichi 2021. Koma ine sindinkadandaula za fakitale. Ndinawafunsa kuti, "Nanga overclock imeneyi anachita ndani, achimwene? Si inu nomwe, n'kundilipiritsa?" Atasowa chonena anatembenuka n'kumati poti ndalowa mu BIOS n'kusintha zinthu, sangadziwenso kuti cholakwa n'cha ndani. Apa profile ija inandipulumutsa. Ndinaibweza pamaso pawo, -0.090 ili poyera. Mnyamata wawo wokonza makina anaiyang'ana kanthawi, n'kuuza abwana ake chapansipansi kuti makonzedwe amenewo amawaika pa makina onse a mtundu umenewu, osayang'ana kuti chip iliyonse imasiyana ndi inzake.

Anadzipereka kundibwezera BIOS pa default kwaulere, ntchito yodina batani limodzi. Ndinakana, n'kunena kuti ndikufuna ndalama yomwe ndinalipirira 5.0 GHz yokhazikika, poti sindinaione. Titakokanakokana pa foni kwa masabata angapo anavomera theka, komanso osati ndalama m'manja, koma yoti ndikatengere katundu kwa iwo omwewo. Ndinatengapo thermal paste ndi fani imodzi ya kutsogolo kwa case. Yotsalayo ikadali m'buku mwawo, ndipo andiuza kuti ndikapanda kuigwiritsa ntchito m'miyezi isanu ndi umodzi, yapita.