Ndemanga: veni yogonamo yomwe tinahayala potsatira Phish m'chilimwe cha 2024

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu ndi theka pa zisanu. Galimotoyo payokha ikanatenga zinayi, koma pali zinthu zomwe kampani yobwereketsa sinatiuze momveka, ndipo kwa munthu wotsatira oimba zinthuzo n'zomwe zimadya tulo ndi ndalama.

Tinahayala veni ya denga lalitali, yoti munthu amaimirira mkati osawerama, ku kampani ina yaing'ono kufupi ndi Chicago. Tinalipo atatu: ine, mayi a kunyumba ndi alamu anga. Kumbuyo kuli bedi la anthu awiri. Muli firiji yaing'ono, chitofu cha gasi chophikapo miphika iwiri, sinki, thanki ya madzi, fani ya padenga, sola ndi mabatire ake, komanso kachimbudzi konyamula. Laisensi wamba ya galimoto ikukwanira, safunsa ina. Tinkatsatira gulu loimba la Phish pa gawo la ulendo wawo lomwe linadutsa kufupi ndi kuno tikukhala: masiku atatu ku Alpine Valley, ku East Troy m'chigawo cha Wisconsin kumapeto kwa Julaye, masiku awiri ku St. Louis, kenako atatu ku Noblesville, Indiana, kumayambiriro kwa Ogasiti.

Abale anga a kuno ku South Bend amandiseka. Amati iwe, gulu lomwelo, anthu anayi omwewo, usiku ndi usiku, sutopa? Ndiyankhe pang'ono, chifukwa osamvetsa zimenezi simungamvetsenso chifukwa chake munthu angafune galimoto yotere. Magulu awa, omwe kuno amawatcha ma jam band, sabwereza mndandanda wa nyimbo. Zomwe aimba Lachisanu simudzazimvanso Loweruka kapena Lamulungu pamalo omwewo. Phish inayamba mu 1983 ku Burlington, Vermont, ndipo mu 2017 inaimba mausiku 13 ku Madison Square Garden ku New York osabwereza nyimbo ngakhale imodzi. Nyimbo yomwe pa chimbale ndi ya mphindi zisanu, pa siteji ikhoza kupitirira mphindi 20, Trey Anastasio akutsogolera ndi gitala, anzake atatu akumuyankha, osadziwa ngakhale eni akewo kuti ithera pati. Amaimba zigawo ziwiri, kupumira pakati, n'kubwereranso kudzatsanzika. Ukajomba tsiku limodzi, ndiye kuti zomwe zachitika tsikulo zakupita basi. Mwambo woyenda pambuyo pa oimba unayamba ndi otsatira Grateful Dead, gulu lomwe linaimba kuyambira 1965 mpaka imfa ya Jerry Garcia mu 1995, ndipo lero ukupitirira ndi magulu ngati Phish, Widespread Panic, Goose ndi ena.

Ndiye mukufunika nyumba yoti ikhazikike masiku angapo malo amodzi, inyamuke, iyende makilomita 500, ikakhazikikenso. Mahotela a pafupi ndi malo oimbirawa amadzaza madeti akangolengezedwa, ndipo otsalawo mitengo yake imalumpha. Apa veni inatithandiza ndithu.

Chomwe ndikuiyamikira kwambiri ndi khitchini. Zipata za koimika magalimoto zimatsegulidwa masana, ndipo anthu amafika molawirira chifukwa pamenepo pamakhala kabwandire weniweni, yemwe amamutcha Shakedown: wina akugulitsa buledi wowotcha ndi tchizi, wina maburito a ndiwo zamasamba, ena malaya a mitundumitundu, zithunzi zojambula pamanja, madzi ndi mowa wozizira. Pakati pawo pamayenda anthu atakweza chala chimodzi m'mwamba, kutanthauza kuti akusaka tikiti imodzi yokha. Zakudya za pamenepo n'zokoma tsiku loyamba, koma mimba ya Mmalawi ikadya buledi masiku atatu otsatizana imayamba kudandaula. Ife tinanyamula ufa, ndipo mayi a kunyumba ankatakasa nsima mu veni momwemo, zitseko za kumbuyo zili zotsegula. Chitofucho chili ndi moto wamphamvu, mphika wa anthu atatu supsereza, ndipo gasi sanatithere ulendo wonse. Anthu oyandikana nafe anabwera kudzasuzumira, ena analawako, mmodzi mpaka anatisinthanitsa ndi soseji zake. Firiji inasunga nyama, mkaka ndi masamba bwinobwino, osafuna kugula ayisi tsiku lililonse ngati mmene amachitira a makula.

Chachiwiri ndi mvula. Chilimwe cha kuno si cha kwathu chouma chija. Kumatentha, mpweya uli wonyowa, kenako mwadzidzidzi kumabwera chimvula cha mabingu ndi mphepo. Usiku wina kumalo komwe tinkagona chinabwera chotere. Alamu anga, omwe ankagona mu tenti panja chifukwa bedi ndi la awiri okha, anathawira mkati n'kugona pansi pakati pa firiji ndi sinki. M'mawa tinapeza matenti a anzathu ena atagwa, zogonera zili chinyowere. Mu veni simunadonthe ngakhale pang'ono. Pamenepo alamu anga, omwe poyamba ankati ndalama ya lendi ndi yongotaya, anasiya kulankhula zimenezo.

Tsopano za kutentha, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe nyenyezi imodzi yathawira. Pa tsamba lawo analemba kuti veniyi ili ndi eyakoni. N'zoona ili nayo, koma imagwira ntchito pokhapokha mwalumikiza galimotoyo ku magetsi a pamalo ogona, soketi ya 30 amp ija. Mabatire ndi sola zimangokwanira firiji, magetsi ounikira, fani ndi kutchaja mafoni. Kwa munthu wopita kunyanja kapena kuphiri, wogona 9 koloko n'kudzuka mbandakucha, zimenezi si nkhani. Koma wotsatira oimba nthawi yake ndi ina. Konsati imatha cha m'ma 11 koloko usiku. Kutuluka pamalo oimika magalimoto, pomwe pali anthu opitirira 30,000 ngati ku Alpine Valley ndipo misewu yake ndi ya kumidzi, kukhoza kutenga ola lathunthu kapena kuposa. Pofika kogona, kudya pang'ono, kukambirana nyimbo zomwe aimba, munthu umagona cha m'ma 2 koloko. Dzuwa la Julaye limatuluka 6 koloko isanakwane. Pofika 8 koloko chitsulo chija chatentha, thukuta lili kamukamu, ndipo tulo tatha ufune usafune. Fani imayesetsa, koma ikakoka mpweya wotentha panja imakupatsanso wotentha womwewo.

Malo ogona okhala ndi magetsi alipo, koma ndi oyamba kudzaza, miyezi ingapo konsati isanachitike. Ku Wisconsin tinangopeza malo a pa kapinga opanda magetsi. Ku Indiana tinachita mwayi, wina anabweza malo ake, ndipo kusiyana kwake kunali kwakukulu: tinagona mpaka 10 koloko, tinafika ku konsati tili ndi mphamvu zovina. Kampani ikanangolemba chiganizo chimodzi chonena zimenezi, tikanasungitsa malo a magetsi kalekale. Kwa amene simunawapeze, imikani pansi pa mtengo womwe uli chakum'mawa kwa galimoto, ndipo tsekani mawindo onse ndi zotchinga zonyezimira zija musanagone. Amapereka, zili pansi pa bedi, koma satchula.

China chomwe anthu ambiri amaganiza molakwika n'choti ukakhala ndi veni ungogona pomwe waimikapo konsati ikatha. Ayi ndithu. Malo ambiri oimbira salola munthu kuchezera usiku pamenepo, alonda amabwera kudzatulutsa aliyense. Ndiye kuti mmodzi mwa inu ayenera kukhala wosalawa kanthu, chifukwa nyumba yonse ikufunika kuyendetsedwa usiku, ndipo apolisi amakhala mbweee m'misewu yotuluka. Ndiye kutinso tsiku lililonse mumalongedza: mbale m'kabati, mipando mkati, chingwe cha magetsi kuchizula. Makabati ake ali ndi zotsekera zolimba, palibe chomwe chinagwa panjira, koma ntchitoyo imatopetsa. Ku Noblesville malo omwe tinagona anali ndi basi yawo yopita ku konsati, ndiye veni tinaisiya, ndipo ndi mmene ndinaikondera kwambiri: ili chiimire, eyakoni ikulira, ikutidikirira. Malo oimbirawo lero dzina lake ndi Ruoff Music Center, koma mukafunsa njira kwa otsatira oimba nenani Deer Creek, dzina lake loyamba la mu 1989, ndi lomwe aliyense amagwiritsa ntchito. Malamulo ogona pamalo amasintha chaka ndi chaka, choncho funsani musanalipire lendi. Mu 2019, ku Dick's Sporting Goods Park ku Commerce City, Colorado, komwe Phish yakhala ikutsekera chilimwe zaka zambiri kuyambira 2011, analetsa kugona pamalopo patangotsala masiku ochepa chifukwa tinyama tokumba una totchedwa prairie dog ta m'deralo tinapezeka ndi nthenda ya chaola. Anthu omwe anali atakonzekera kale anasowa kolowera.

Ku St. Louis veni inasanduka katundu. Kumeneko Phish inaimba mkati mwa holo, Chaifetz Arena, pakati pa mzinda. Kuchoka pansi kufika padenga, galimoto yathu inali yotalika pafupifupi mamita atatu, pomwe nyumba zambiri zoimikamo magalimoto m'tauni zimalola pafupifupi mamita awiri. Tinazungulira kufuna malo a pabwalo, ndipo tsiku lachiwiri tinangoisiya kunja kwa mzinda n'kukwera takisi. Ngati ulendo wanu uli ndi makonsati ambiri a m'mizinda ikuluikulu, galimoto yaing'ono ndi hotela zingakuthandizeni kuposa izi.

Pa msewu imayenda bwino. Kuchoka ku East Troy kupita ku St. Louis ndi makilomita opitirira 500, kudzera misewu ya I-39 ndi I-55, minda ya chimanga ndi soya mbali zonse, msewu uli tambalale. Mipando ya kutsogolo siwawitsa msana. Mphepo ikaomba chambali kapena thiraki yaikulu ikakudutsa, veniyo imagwedezeka chifukwa cha kutalika, ndiye chiwongolero muzigwira ndi manja awiri. Mafuta inkamwa lita imodzi pa makilomita 6 kapena 7. Pochoka ku St. Louis kupita ku Noblesville pa I-70 kumbukirani kuti wotchi imalumpha ola limodzi kutsogolo mukalowa Indiana, musadzapeze gawo loyamba layamba kale.

Nkhani ya ndalama ili pa mamailo. Mgwirizano wathu unkalola mamailo 100 pa tsiku, omwe ndi makilomita pafupifupi 160, ndipo opitirira pamenepo amalipiritsa pa mailo iliyonse. Pa gawo lathuli tinakwanira, chifukwa malo atatuwa ndi oyandikana ndipo masiku okhala malo amodzi amabweza zomwe mwadya pa masiku oyenda. Koma oimba sanaime pamenepo. Anapitirira ku Grand Rapids, kenako ku Bethel Woods m'chigawo cha New York, kenako ku chikondwerero chawo cha Mondegreen ku Dover, Delaware, n'kukatsekera ku Colorado. Kuchoka ku Dover kukafika ku Denver kokha ndi makilomita opitirira 2,500, ndipo veniyo iyenera kubwereranso ku Chicago. Titawerengera, ndalama ya mamailo owonjezera ndi mafuta inaposa ya ndege. Ofuna kutsatira ulendo wonse, mgwirizano wotere si wanu. Funani wopanda malire a mamailo, kapena gulani yanu yakale ngati mmene amachitira omwe amakhalira zimenezi chaka ndi chaka.

Chinandinyansa ndi za misonkho ya pamsewu. Misewu yolipira ya ku Illinois salandiranso ndalama pamanja, kamera imangojambula nambala ya galimoto. Bilu inapita ku kampani, ndipo iwo anawonjezerapo yawo pa geti lililonse lomwe tinadutsa, moti yowonjezerayo inaposa msonkho weniweniwo. Zili mu mgwirizano, m'tizilembo ting'onoting'ono ta tsamba lomaliza, koma potipatsa makiyi anatha mphindi zambiri kutionetsa mmene fani imayakira, za izi osanenako. Ngati muli ndi I-PASS kapena E-ZPass yanu, kachipangizo kolipirira misonkho ya pamsewu, nyamulani ndipo lembetsani nambala ya veniyo musananyamuke.

Kachimbudzi kaja tinagwirizana kuti n'ka usiku kokha, ndiponso pa zazing'ono. M'nyengo yotentha chonchi simungafune zoposa pamenepo m'chipinda chomwe mukugonamo ndi kuphikiramo. Kukakhuthula n'kosavuta, malo ambiri ogona ali ndi pothira pake. Shawa mulibe, tinkasamba kumalo ogona.

Pa kulandira makasitomala sindingawanene zoipa. Pampu ya madzi itasiya kugwira ntchito Lamulungu m'mawa, ndinaimba foni ndipo anayankha nthawi yomweyo. Inali fyuzi, anandiuza pomwe ili ndi pomwe anasunga zapadera, ndipo madzi anabwerera tiyi asanazizire. Ndalama ya chikole anabweza yonse sabata isanathe, ngakhale tinabweza galimoto ikununkhirabe utsi wa nyama ndipo matope a ku Wisconsin ali m'matayala.

Kwa anthu awiri kapena atatu ogawana mtengo, otsatira gawo limodzi la ulendo pomwe makonsati ake ndi a panja ndiponso oyandikana, veniyi ndi yabwino, bola musungitse malo a magetsi tsiku lomwelo lomwe mwagula matikiti. Munthu mmodzi yekha imulemera mtengo, ndipo anthu anayi simukwanamo pokhapokha awiri avomere tenti. Ife tidzahayalanso, koma mayi a kunyumba anena kale kuti popanda soketi ya magetsi iwo adzatsala, adzaonera pa intaneti ali pa sofa, ndipo ufa tidzatakasa tokha ine ndi alamu.