Ku National Archives konkuno ku Zomba, pitaniko

Abale, ngati mukufufuza mbiri ya kwanu kapena za ufumu musamangodalira zomva, pitani ku National Archives. Ofesiyi inayamba mu 1947 nthawi ya atsamunda ndipo muli mafayilo a maDC akale, ma Gazette a boma, nyuzipepala zakalekale, mapepala ena anachita kufiira moti umagwira mosamala ngati dzira. Umalemba nambala ya fayilo yomwe ukufuna, amakakutengera iwe nkukhala pa tebulo kumawerenga, anthu ake ndi odekha zedi amakuthandiza kusaka. Chimandiwawa ine nchoti zolemba zambiri zakale zinapsa mu 1919 moto utatentha maofesi a boma konkuno. Tengani kope ndi pensulo, mulawire mmawa chifukwa kusakako kumadya nthawi.