Telala wa pakhonde ku Mbare amene anakana kusoka zomwe ndinkafuna

Jekete la malemu bambo anga lakhala m'sutikesi zaka 19, lokulungidwa m'chitenje cha mayi. Ndi la nsalu yaubweya, lotuwa, la mabatani atatu, lomwe ankavala popita kutchalitchi ndi kumaliro. Mwana wanga wachisamba atandiuza kuti ukwati wake uchitika mu Ogasiti, mtima wanga unathamangira ku sutikesi ija. Ndinkafuna akalowe m'tchalitchi atavala jekete la agogo ake. Koma mnyamatayu ndi wa mapewa otambalala, pomwe bambo anali munthu wochepa thupi.

Matelala awiri kwathu ku Mabvuku, mu Harare muno ku Zimbabwe, anangoti ndilisiye aona chochita, osalitembenuza n'komwe kuti aone m'kati. Ndinachita mantha, ndinabwerera nalo. Mayi wina wa Mvano ndiye anandiuza za agogo ena a ku Ntcheu amene amasoka pakhonde ku Mbare, cha kufupi ndi msika wa Mupedzanhamo. Anandichenjeza kuti ndisapite mothamanga, chifukwa agogowo amayamba ayeza munthu asanayeze nsalu.

Tinapita Loweruka m'mawa ndi mwana wangayo. Chikwangwani palibe. Pali makina akuda a Singer opalasa ndi mapazi, amene maluwa ake agolide anafufutika kalekale, benchi imodzi, simbi ya makala, ndi chitenje chotchinga pakona pomwe anthu amayeserera zovala. Ntchito yawo yambiri imachokera mumsika muja. Munthu akagula thalauza la kaunjika, amene anzathu Achishona amati mabhero, amabwera nalo kuti alibweze m'chiuno kapena alipinde m'miyendo. Magetsi akazima, matelala a makina amagetsi amapinda manja, agogo ali pantchito.

Ndinawapatsa moni m'Chishona monga tinazolowera m'tauni. Iwo anayang'ana chitenje chomwe ndinakulungira jekete, n'kuyankha m'Chichewa: "Tadzuka bwino mayi, kaya inu. Kumudzi n'kuti?" Ndinati ndinabadwira ku Mabvuku, koma bambo anali a ku Dedza. Anati, "Ndiye kumudzi n'ku Dedza. Nkhuku ikaikira kutchire, dzira limakhalabe la pakhomo." Mwana wanga, amene Chichewa amangomva koma kuyankhula chimamuvuta, anaseka asanamasuliridwe.

Akuti anabwera kuno mu 1962 ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya, kudzera ku Tete. Anayamba pa famu ya fodya, kusoka anaphunzirira pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Amakonda kukumbutsa anthu kuti akumudzi akamati wakuti wapita ku Halale, tauni inkatchedwa Salisbury, ndipo Harare linali dzina la lokeshoni ino. Mu 1982 tauni inatenga dzinalo, lokeshoni n'kukhala Mbare. "Olemera anabwereka dzina kwa amphawi," amatero agogo, "mpaka lero sanabweze."

Tinapeza anthu atatu patsogolo pathu, ndiye tinakhala pabenchi. Pamenepo ndi pomwe ndinaona chimene mayi wa Mvano uja ankanena. Kunabwera bambo wina atachita tsinya, thalauza lili m'manja, akukalipa kuti lomwe anamusokera chaka chatha silikumukwananso, ndiye kuti agogo anaba nsalu. Pabenchi panangoti zii. Agogo sanasiye kupalasa mpaka msoko womwe anali nawo unatha. Anadula ulusi, n'kutsegula kope lothimbirira ndi mafuta a makina momwe amalembamo miyeso ya aliyense ndi pensulo. Tsamba linati 34. Anayeza thalauza, 34. Anayeza mwini wake, 36. Kenako anati mofatsa, "Bambo, thalauzali ndi lokhulupirika, likadali pomwe tinalisiya. Amene mwasamuka ndinu. Koma mlandu si wanu ayi, wapalamula ndi amene amakuphikirani kunyumba, ndipo mukawathokoze." Benchi yonse inaphulika, mwini thalauza naye anagwira pakamwa akuseka. Agogo anatembenuza thalauza lija n'kumuonetsa nsalu yomwe anaipinda mumsoko wakumbuyo. Amaisiya dala pa thalauza lililonse la mwamuna, ndipo amaitcha malo a nsima. Anamasula, anasokanso, anasita, ndalama osalandira.

Ine ndaona mikangano yambiri ya ndalama m'misika ya mu Harare muno, ndipo yochuluka imathera kutukwanizana. Bambo uja anabwera kudzapambana mlandu, anapezeka wolakwa pamaso pa anthu, koma anachoka mutu uli m'mwamba. Agogo anamuuza choonadi chonse osachotsapo kanthu, kungoti anachiperekera m'mbale yoti munthu angadyeremo.

Nthabwala zawo zambiri n'zochokera pa tepi. Akamayeza mwamuna m'chiuno amayamba amufunsa ngati ndi wa Dynamos kapena wa CAPS United, chifukwa akuti mwamuna aliyense akaona tepi amabweza mimba m'kati, koma palibe amene angatsutse za mpira atagwira mpweya. Azimayi akuti timatchula saizi ya chaka chomwe tinakwatiwa, ndipo iwo satitsutsa, amangovomera n'kulemba ya tepi. Amanenanso kuti thalauza limaulula mwini wake: la mmisiri limatha m'mawondo, la wa muofesi limatha kumbuyo, la munthu wa abale ambiri limayamba kubooka thumba.

Pakhoma pamwamba pa makina anakhomerapo ndalama ija ya madola 100 thililiyoni yomwe inatuluka mu Januwale 2009, imene sinathe miyezi ingapo isanasanduke pepala wamba. Munthu akapempha ngongole n'kulonjeza kuti alipira kumapeto kwa mwezi, agogo amaloza pamene panalembedwa lonjezo lolipira pa ndalamayo, n'kunena kuti, "Uyunso analonjeza, mochita kulemba." Komatu ndinawaona akupereka yunifolomu kwa mayi wina wopanda ndalama yokwanira, atamuuza kuti mwana asajombe kusukulu chifukwa cha zipi.

Nthawi yathu itakwana anayala jekete patebulo, anasisita nsalu ndi chikhatho, analitembenuza. Anafunsa mnyamata kuti akukwatira kuti, ndipo atamva kuti mtsikana ndi Mshona ndipo roora, amene ndi malowolo, tapereka kale, anati, "Kwathu mkamwini ankalipira ndi khasu m'munda mwa apongozi, iwe walipira ndi ng'ombe. Usadandaule mdzukulu wanga, khasu lija lidzakupezabe." Anayeza mapewa ake, anayeza a jekete, anaika tepi pansi.

"Mayi, izi sizitheka."

Anafotokoza bwinobwino. Jekete limakhala pamapewa. M'chiuno ukhoza kubweza kapena kukulitsa pang'ono, manja ukhoza kutalikitsa ngati mumpendero muli nsalu, koma mapewa akachepa palibe pomwe ungatenge nsalu yoonjezera. Kuikapo chigamba sikungathandize, poti nsalu yakale inasintha mtundu ndi dzuwa ndi simbi, ndipo chigambacho munthu angachione ataima pakhomo la tchalitchi. Ine ndinaumirira, ndinati ndiwonjezera ndalama. Anandiyankha kuti, "Ndalama zanu ndikuzifuna ndithu, mayi. Koma ndikazilandira, muzidzandidandaula nthawi iliyonse mukatsegula zithunzi za ukwati."

Misozi inalengeza. Agogo sanayankhule, anangopitiriza kupapasa jekete lija m'kati. Dzanja lawo linaima pansi pa mkhwapa wamanzere. Anatenga kalumo, anamasula pang'ono nsalu yam'kati, n'kundiitana kuti ndione. Munali kathumba kakang'ono, kosokedwa pamanja ndi ulusi wakuda, msoko wake wokhotakhota wa munthu wosadziwa singano. Zaka zonsezi ndakhala ndikulichapa ndi kulisita jekete limeneli, kathumbako sindinakadziwe.

"Aka ndi ka ulendo," anatero. "Ambiri a ife tinali nako. Ukagula jekete lako loyamba, usiku womwewo umasokamo kathumba, kuti tsiku lobwerera kumudzi ndalama ziyende pafupi ndi mtima, kudutsa pa Nyamapanda mpaka kuwoloka Zambezi."

Ndinapisamo chala, munalibe kanthu. Bambo sanabwerereko ku Dedza, manda awo ali konkuno, ndipo ndikudziwa kuti akumudzi ankawawerengera m'gulu la matchona. Ndinanena zimenezi mokweza, sindikudziwa kuti ndinkauza ndani. Agogo analoza mwana wanga n'kunena kuti, "Ndalama za ulendo anagulira ufa ndi makope. Ulendo wawo ndi uyu waima apayu." Pabenchi panali anthu osandidziwa, koma ndinalira osachita manyazi.

Atandisiya ndipume, ananena maganizo awo. Kuchokera ku nsalu yakutsogolo kwa jekete asoka kajekete kopanda manja kovalira m'kati mwa suti, ndi mabatani atatu omwe aja. Kumsana aika nsalu yatsopano yoterera, monga mmene tijekete totere timasokedwera, ndiye kukula kwa mapewa sikukhalanso vuto. Kathumba kaja akachotsa bwinobwino osamasula msoko wa bambo, n'kukaika m'kati kumanzere. Mtengo anati madola 18 a ku America, nsalu yakumsana ili momwemo. Amalandiranso ndalama zotumiza pa EcoCash pa foni ya mdzukulu wawo amene amawathandiza.

Tsopano zomwe sizinandikondweretse, chifukwa zilipo. Anandiuza masabata awiri, zinatenga pafupifupi anayi. Kuchoka ku Mabvuku kufika ku Mbare ndi makombi (maminibasi) awiri, ndipo ndinayenda ulendo umenewu kawiri pachabe. Ulendo wachiwiriwo anandilandira ndi mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine sindinaseke, ukwati unali utatsala masiku 10. Ndinawauza kuti, "Agogo, mwandikhumudwitsa." Ndiwayamikire pa ichi: anaona nkhope yanga, anasiya nthabwala, anapepesa mosapsatira. Anandiuza kuti maso ayamba kufooka, singano amawalowetsera ulusi ndi mdzukulu, ndipo nsalu yotuwa kapena yakuda amaisoka m'mawa mokha kuwala kukadali kwabwino. Chinanso n'chakuti sadziwa kukana. Aliyense wobwera ndi batani kapena zipi amamuthandiza pompopompo, ntchito yaikulu n'kumadikira.

Lilime lawo nalo nthawi zina limatsogola. Tsiku lina mtsikana anabwera ndi diresi lalifupi kuti amubwezere m'chiuno, iwo n'kufunsa ngati nsalu inathera panjira. Amuna pabenchi anaseka, mtsikanayo anapinda diresi lake n'kuchoka osatsanzika. Pamenepo agogo analakwa. Bambo wa thalauza uja anamusiyira poti atulukire, mwana wamkaziyu sanamusiyire, pomwe anabwera kudzasoketsa, osati kudzalangizidwa pagulu. Ndipo amene akufuna masitayelo amakono othina aja asavutike n'kupitako, agogo sawasoka.

Ulendo womaliza ndinapeza atatsala ndi mabowo a mabatani, omwe amasoka pamanja. Podikira ndinawafunsa za makina aja. Anati mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi mashedi m'matauni, pamene bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya, kashedi kawo kanagwetsedwa. Anamasula mutu wa makina, anaukulunga m'bulangete n'kuubereka kumbuyo ngati mwana. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumidzi, pomwe ambiri a ife, ngakhale obadwira konkuno, zitupa zathu zinkatisonyeza ngati alendo. Pa za malamulo aakulu a dziko a mu 2013, amene anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka mu Zimbabwe, agogo amati chilankhulo chinalandira chitupa eni ake akadali pamzere. Amanena akuseka, koma mapazi amakhala ataima pa chopalasira.

Kajekete kanatuluka bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Kanakhala pathupi osakoka pamabatani, misoko yowongoka, m'kati mosamalika ngati kunja. Pamalo pamene nsalu inali itapyapyala anapazemba podula, moti palibe angadziwe kuti ndi nsalu ya zaka makumi angapo. Zidutswa zonse zotsala, manja ndi kolala, anandibwezera atazipinda bwino m'pepala. Tsiku la ukwati azakhali a mwana, alongo awo a bambo ake, sanazindikire kanthu, koma mchemwali wanga wamkulu atangoona mabatani aja anandigwira mkono mwamphamvu. Mnyamata anaika mphete m'kathumba ka agogo ake, ndipo ndi momwe anaitulutsa nthawi itakwana.

Amene muli ndi chovala chomwe simungapeze china, pitani nacho kwa agogowa, koma muwapatse nthawi yochuluka kuposa imene angakuuzeni. Pitani m'mawa pakati pa sabata, ndipo pewani Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale, pomwe pamadzaza za maukwati ndi mayunifolomu a sukulu. Tengani ndalama zing'onozing'ono poti chenji chimavuta. Ine chitenje cha mayi chija ndachisiya komweko kuti andisokere bulauzi ndi duku, ndipo ndawauza kuti atenge miyezi iwiri, azisoka m'mawa mokha.