Ndaodapo golosale katatu pa WhatsApp kuno ku Ngabu, nayi ndemanga yanga

Nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo yachitatuyo ndapereka chifukwa cha mnyamata wa kabaza amene ankandibweretsera katundu, osati shopuyo ayi.

Ndiyambe ndi mmene ndinalowera mu zimenezi kuti mundimvetse, chifukwa ine si munthu wogula zinthu pa foni. Ndimakhala ku Ngabu, bambo a kunyumba amagwira ntchito ku mizimbe ku Nchalo nde amabwera Loweruka lokha. Mu Okutobala ndinachira mwana wamwamuna koma zinavuta mpaka opaleshoni, a nesi ananenetsa kuti kunyamula zolemera ayi, kuyendayenda padzuwa ayi. Amene mumamudziwa Okutobala wa kuchigwa kuno sindikuyenera kufotokoza zambiri, 9 koloko mmawa thukuta lili kale kamukamu, masana kumapitirira madigiri 40, mbuzi zomwe zimabisala pansi pa ngolo. Nde achimwene anga amene ali ku Johannesburg anandipezera nambala ya shopu ina ya ku Blantyre, akuti umangolemba zomwe ukufuna pa WhatsApp, akuuza ndalama zake, walipira pa Airtel Money kapena Mpamba, iwo akweza katundu pa minibasi, akafika pa siteji wa kabaza akubweretsera pakhomo. Dzina la shopuyo sinditchula, ndi anthu oti akusaka nawo ndipo sanandibere, kungoti zina sizinayende.

Oda yoyamba inali bho, sindinama. Achimwene ndi amene analipira. Ndinalemba sopo wochapira, wosambira, mafuta ophikira a 2 lita, shuga, mchere, masamba a tiyi, mapampasi ndi mafuta odzola a mwana. Zonse zinafika tsiku lomwelo madzulo zili mu katoni yomata bwinobwino ndi selotepi, risiti ili mkati, palibe chosowa. Mapampasi anali otchipirako kusiyana ndi kuno, zimenezo ndivomereze. Chinandiseketsa ndi shuga yekha, wapangidwa pa Nchalo pompa, wakwera phiri la Thabwa kupita ku Blantyre, kenako ine ndamulipirira thiransipoti kuti atsikenso, awoloke Shire pa Kamuzu Bridge, adutse kwawo ku Nchalo osaima nkudzandipeza ku Ngabu kkkk. Apongozi anga amene anabwera kudzandithandiza chikuta anangoti ana a masiku ano ndalama zimakuyabwani.

Vuto linali limodzi patsikulo, kupeza nyumba. Asisi a kushopu anati nditumize adilesi. Adilesi yake iti? Kuno nyumba zilibe manambala, timati mukadutsa mjigo mukhotere kumanja, muona mtengo wa masau, nyumba yachitatu ya chitseko chobiriwira. Anati nde tumizani lokeshoni, ndatumiza, kadontho kaja kakuloza pakati pa munda wa thonje wa eni ake. Mnyamata wa kabaza anazungulira mpaka anachita kufunsa ana kuti kodi nyumba yomwe kwabadwa mwana ndi iti, basi ana aja nkumuperekeza. Sanakwiye, sanawonjezere mtengo, anafika akuseka nkuti mayi mwanayu wayamba kutchuka asanayende.

Chinandipweteketsa ndi kuzolowera. Nditaona kuti yoyamba yayenda bwino, yachiwiri ndinaoda ngati ndikukankha tirole mu Shoprite: nkhuku ziwiri za mufiliji, majarini, thireyi ya mazira, buledi, tomato, anyezi, mpunga wa Kilombero 5 kg. Iyi ndinalipira ndekha. Anandiuza kuti katundu wakwera 10 koloko. Koma inu mukudziwa minibasi, kukwera sikunyamuka, iyenera idzaze kaye, kenako pa rodibuloko, pa Dyeratu kutsitsa ndi kukweza, pa Nchalo kudikiranso anthu, katoni yanga ili pansi pa mpando pafupi ndi injini mwina munthu waikapo mapazi. Inafika itadutsa 3 koloko.

Nditatsegula, mayo ine. Nkhuku zasungunuka zonse zili wefuwefu ngati zangozingidwa kumene koma fungo lake likukayikitsa, madzi ofiira aja atuluka mu pepala alowa mu buledi, buledi theka lonse lili nyowe. Majarini anali ngati mafuta a Kazinga, unkachita kuthira osati kupaka. Mazira 7 pa 30 aja osweka, thireyi yamatirira. Tomato ndiye anandikwiyitsa kwambiri chifukwa sanali ophwanyika ndi ulendo okha ayi, ena anachoka ku Blantyre ali kale ofewa, a madontho akuda kumchombo, amene ine pamsika sindingawatole ngakhale andiike pa basela. Munthu amene anasankha sanali woti akadya iyeyo, nde anangotola amene anali pamwamba. Mpunga si Kilombero, anaika wina osandifunsa, akuti uja unatha. Apongozi anatapa pang'ono m'manja, kununkhiza, kuuyang'ana, nkuti uwu ndi misere iyi, ngakhale wa ku Nkhate kutsidyaku umaposa apa kutalitali. Nkhuku tinaziphika usiku womwewo zonse ziwiri poopa kuti zingaonongeke, magetsi anali atazima kale nde za filiji panalibe, tinachita kugawirako aneba.

Ndinajambula zonse nkutumiza. Matiki awiri abuluu, zii. Mawa lake ndi pomwe anayankha kuti pepani mayi, katundu akachoka mmanja mwathu za panjira ndi za a minibasi, koma za mpunga tikuchotserani pa oda yotsatira. Mwamva? Ndalama sabweza, amakusungira kuti ubwerenso. Ulemu anali nawo asisiwo, sanandiyankhe mwamwano ngakhale kamodzi, koma mazira anga 7 anapita basi, wa minibasi ndikamupeza kuti, sindikumudziwa ndi nkhope yomwe.

Yachitatu ndinaoda pongofuna kuti ndalama yanga ya mpunga isapite, ndipo ndinalemba zotseka zokhazokha za m'mapaketi ndi m'mabotolo. Inafika bwino. Koma apa ndi pomwe ndinakhala pansi ndi bolopeni. Mtengo wa mafuta pa chithunzi chomwe anaika pa sitetasi ndi umene anandiuza polipira zinasiyana, akuti akwera dzulo, chithunzicho nchakale. Sindikuwada nazo kwenikweni, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo siigona malo amodzi, ngakhale pa okala ya pakona lero ndi mawa zimasiyana. Koma pa okala ukamva mtengo watsopano umabweza chinthucho pa shelefu nkutenga chaching'ono, pomwe pa foni umakhala walemba kale, wadikira kale, umangoti chabwino. Kenako uphatikize ya minibasi, ya kabaza, yodula potumiza ndalama, bandulo yomwe yatha ndi zithunzi, mayunitsi oimbira kondakitala kuti mwafika pati. Zomwe ndinapulumutsa pa mapampasi zonse zinathera mmenemo ndi kuwonjezera. Ndipo tsiku limenelo netiweki inavuta, ndalama yachoka mu foni mwanga uko akuti sinafike, ola lathunthu mtima uli mmwamba mpaka meseji inalowa.

Chilonda chitapola ndinabwerera kumsika, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinazindikira chomwe chinkandisowa. Ine pogula ndimagwiritsa manja, mphuno ndi mano. Mlamba wowamba wochokera ku Elephant Marsh sungauone pa chithunzi nkudziwa, umautembenuza, kuuthyola pang'ono cha kumutu kuona ngati mulibe tizilombo, kununkhiza ngati unauma ndi utsi bwinobwino kapena anauphula msanga mkati muli mwauwisi. Makakana aawisi umatsegula makha kuona ngati ali ofiira, maso ngati sanachite mbuu. Nyemba ndimaluma imodzi, ikakhala gwa ngati mwala ndiye kuti nzachaka chatha, zimenezo zikuthera makala a masiku awiri zisanapse. Chimanga umapisa dzanja mpaka pansi pa thumba, likatuluka ndi fumbi loyera ndiye kuti anankafumbwe ayamba kale ntchito. Nyama ya mbuzi, kuno ku Ngabu kwa ziweto, ndimafuna ndione mutu ndi chikopa zili pambali, ndiloze ndekha kuti mundidulire apa, mafupa achuluka chotsaniko limodzi. Tomato ndimasankha atatu akupsa a lero, ena osapsetsa a mkucha, chifukwa ndi kutentha kwa kuno wakupsa sagona kawiri. Zimenezi ungazilembe bwanji pa WhatsApp kuti munthu amene sakukudziwa akuchitire?

Ndiye pali amayi anga a tomato, amene ndakhala ndikuwagula zaka zinayi. Atangondiona anaimirira, kumutenga mwana kumsana kwanga, kumuvinitsa, kundikalipira kuti bwanji sindinatume mwana aliyense kudzanena kuti ndili mchikuta akanatha kumanditumizira ndiwo. Ndinachita manyazi kunena kuti tomato ndimaoda ku Blantyre. Ndinagula milu iwiri, iwo nkuponyamo atatu a basela ndi kamtolo ka chisoso akuti ka mwana, ngati mwana wa miyezi iwiri amadya chisoso. Pa 20 mwezi ukavuta, malipiro a bambo asanalowe, ndi amayi omwewa amati tengani mudzapereka, salemba ndi mu kope momwe. Foni ngongole siidziwa, ndalama kaye katundu pambuyo, ndipo walipira chinthu usanachione. Kunenerera nakonso kulibe, mtengo walembedwa ndi womwewo, pamene pamsika ukati amayi tsitsaniko ndatsala ndi yokwerera njinga, mumakanganako pang'ono mukuseka mpaka mupezane pakati.

Chinanso chomwe a mtauni saganiza, ambiri kuno sitigula za mwezi wathunthu. Ndalama imabwera pang'onopang'ono nde timagulanso pang'onopang'ono, mafuta oyeza a mkapepala, mulu umodzi wa bonya, anyezi awiri, kawokumani ka ufa tsiku likavuta. Ungaode mulu umodzi wa bonya ku Blantyre? Thiransipoti yake igula milu ingati? Komanso opanda filiji kapena okhala nayo koma magetsi ake ongobwera ngati mlendo, za wiki yonse uzisunga pati. Msika ndiye filiji yathu, umapita mmawa kusanatenthe watenga za lero basi.

Ndipo sindinaiwale 2022 mu Januwale nthawi ya namondwe Ana, msewu wa M1 utaduka, Kapichira itawonongeka magetsi nkusowa, kenakonso Freddy mu Malichi 2023. Chilichonse chodalira galimoto yochokera kumtunda chinaima. Tinkadya zomwe anthu abweretsa pa njinga ndi pamutu kuchokera m'midzi yapafupi, mbatata, nsomba, mapira, ndipo wogulitsa amayamba wasungira kasitomala amene amamudziwa nkhope. Nde ine kuwataya amayi a tomato chifukwa cha nambala ya pa WhatsApp, ayi ndithu, dzinja likubwerali sindikudziwa kuti msewu ukhala bwanji.

Kumsika nkomwenso ndimamva zinthu. Tsiku limene lija ndinamva za maliro a kwa aneba athu akale omwe sindikanadziwa, ndinamva kuti ku sikelo asintha tsiku, ndinapeza kadiresi ka pa kaunjika komwe sindinapitire. Inde ndinawononga ndalama ina yomwe sindinakonze, zitumbuwa ndi thobwa, zimenezo pa foni sizichitika ndivomere, pa foni umagula zomwe walemba zokha. Ndipo kumsika fumbi, kukankhana, dzuwa, matumba ako uziwagwira bwino. Sikuti nkumwamba.

Nde kwa amene mukufunsa ngati muyesere: ngati mukudwala, muli mchikuta, kapena muli kunja mukufuna makolo alandire katundu weniweni osati ndalama yoti ithera zina, shopu ngati iyi ikuthandizani, ine inandithandiza nthawi yomwe sindikanatha kunyamula ndi ndowa yomwe. Koma odani zotseka zokha, sopo, mafuta, shuga, mchere, mapampasi. Muwauze kuti chinthu chikatha akuimbireni asanasinthe. Mufunse mtengo wa lero musanatumize ndalama, ndipo sikirinishoti ya malipiro musunge. Chilichonse chosungunuka, chosweka kapena chovunda, musayerekeze, makamaka kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa. Akanakhala ndi kula bokosi komanso galimoto yawoyawo mwina ndikanawonjezera nyenyezi, koma pa minibasi ayi.

Achimwene anaimba sabata yatha kufunsa ngati andiodere za Khirisimasi konkuja. Ndinati mapampasi okha achimwene, yotsalayo mungoponya pa foni ndikatapa kwa ajenti, nkhuku ndikagula yamoyo ya chikuda ndiikweze pa njinga ikulira. Nambala ya mnyamata wa kabaza uja ndiye ndinasunga, pano ndi amene amandinyamulira thumba la chimanga kuchokera kumsika.