Kadzino kafulati kapena kakapu: carbide yogobera iti yoyamba kugula?

Anzanga a pa lathe, makina ozunguza mtengo pousema aja, nkhani ya zogobera za carbide anthu amaiyambira pa mayina a makampani, koma kusiyana kwenikweni kuli pa kadzino kali kunsongako. Kalipo kafulati pamwamba ngati ka Easy Wood Tools a ku Kentucky, kalipo kolowa mkati ngati kapu, ka Hunter aku Minnesota kapena ka Rolly Munro wa ku New Zealand kamene kamakhala ndi kachivindikiro kochepetsa kuluma. Zonse ndi tungsten carbide inde, chitsulo cholimba kwambiri, koma kagwiridwe ntchito nkosiyana kutalitali.

Kafulatika kamapala basi. Mumangogoneka chitsulo pa tool rest, potsamiritsa chitsulo paja, nsonga pa senta kapena pamwambako pang'ono mukakhala mkati, nkumakankha, olo munthu woyamba kumene amagoba mbale tsiku lomwelo. Vuto lake ndi mmene kamasiyira mkatimo, pa mtengo wofewa kapena wauwisi ngati mango kamazula mitsempha ya mtengo nde mumathera nthawi pa sandipepala, komanso mkati mwa vazi ya kukamwa kochepa dzanja sililowa, ndiye sandipepalayo mufikitsa bwanji. Pa mitengo yolimba ngati phingo ndiye kamachita bwino, kupala kumasiya mosalala ndithu.

Kakapu kamadula. Mukakapendeketsa bwino kamatulutsa timaliboni osati fumbi, ndipo mukamagoba motsata utali wa mtengo, monga makapu, mabokosi ndi timitondo, mkati mumatuluka mosalala moti sandipepala nkungodutsitsa. Koma nkaukali eti. Mukakatsegula kwambiri kuyang'ana mmwamba kamadzikokera mu mtengo nkukuwombani catch, kukodwa mwadzidzidzi, yoti vazi kung'ambika, ndiye kamafuna dzanja lozolowera ndithu.

Pomwe ine ndimaonera kusiyana kwakukulu ndi pa kasamalidwe. Kafulati kakabuntha mumamasula sikuluwu nkukatembenuza pang'ono, mbali yatsopano ija yabwera, ndipo kakazungulira konse mumakachotsa nkukavundikira nkhope pansi pa diamond card, kakhadi konolera ka tinjere ta dayamondi, ya nambala 600 ndi timadzi pang'ono, nkumazunguza ndi chala mpaka pamwamba ponse pawale. Mmbali osakhudzako, komanso mwala wa grinder wamba uja carbide siumva, musavutike. Sikabwerera ngati katsopano koma kamagwiranso ntchito bwinobwino. Kakapu njira imeneyo ayi, mukakapukuta nkhope pansi mukufafaniza mlomo womwe umadulawo, nde nkungotembenuza mpaka kuzungulira kenako kugula kena. Kwa ife oti tizinthu timeneti tiyenera kuitanitsa kunja ndi forex yovutayi, nkhani imeneyi siyaing'ono.

Zina nzofanana konse. Lembani ndi maka pomwe munayambira kutembenuza apo ayi mudzabwerera pobuntha pomwepo. Kasikuluwu ka Torx komangira kadzino, ka kabowo ngati nyenyezi, kamadzaza utomoni ndi utuchi, tokosani kaye ndi singano musanalowetse kiyi chifukwa mutu wake ukangolala basi mwagwira mutu, pakaninso tigirisi pa mazinga, osamanga ngati nati ya tayala. Pansi pomwe kadzino kamakhala pukutanipo, utuchi ukatsalira kamakhala mopendama nkusweka pomanga. Carbide ndi yolimba koma imabenthuka, ikagwa pa simenti kapena kugundana ndi zitsulo zina mu bokosi yapita.

Zogobera za khosi lopindika, gulani pokhapokha ngati mumagoba pansi pa mapewa a vazi, ndipo pa tool rest pazikhala mbali yowongokayo osati popindikapo, mukaphonya chitsulo chimakupotokolani dzanja. Boolani kaye ndi drill mpaka pakuya pomwe mukufuna, muziimitsa makina pafupipafupi kuchotsa utuchi, ukaunjikana umamanga chitsulo mkati.

Robert Sorby a ku Sheffield ali ndi TurnMaster yosinthasintha mano a HSS, chitsulo cha zida zodulira wamba, ndi a carbide pa chogwirira chimodzi, yabwino pa mbale ndi mabokosi otseguka koma ya mavazi a kukamwa kochepa siimeneyo.

Ndiye ndalama ikakhala ya chimodzi, ine ndingati kafulati kozungulira pa chitsulo chowongoka chonenepa bwino, ndi diamond card pomwepo. Kakapu kabwere mukayamba mabokosi ndi mavazi ambiri, ndipo poitanitsa muwonjezere mano awiri atatu ndi masikuluwu a sipeya mu oda yomweyo, chifukwa mano a kampani ina nthawi zambiri sakhala bwino pa chitsulo cha ina.